Maliro Atatu a Bambo Dlodlo

Amuna anga, bambo Jotamu Dlodlo, anali ndi maliro atatu olipiriratu. Munthu mmodzi, thupi limodzi, maliro atatu.

Oyamba anali a kampani ya inshuwalansi ya m'tauni, amene anayamba kulipira adakali kunjanji: bokosi lonyezimira, galimoto yonyamula thupi, basi ya anamalira, tenti ndi mipando. Achiwiri anali a sosayite yathu ya amayi a kuno ku Njube, ife a zipewa zobiriwira. Ife timaphika, timaimba, timagula ng'ombe, ndipo dzuwa lisanalowe timaika madola 900 m'manja mwa namfedwa. Achitatu ankalipira mwana wathu Mehluli ali ku Joni, poti naye ankafuna anthu adzaone kuti bambo ake anabereka. Sindinama, ndinkanyadira. Kuno ku Bulawayo ungagone ndi njala, koma za maliro sudumphitsa. Ndalama ya dziko inatha mphamvu tikuona, penshoni inasanduka yogulira matimati, ife osaphonya ngakhale mwezi umodzi.

Chimene sitinalipirire n'choti munthu angadwale osafa.

Sitiroko inawagwira zaka ziwiri zapitazo, akukonza khola la nkhuku. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu nawo anathawa. Ndipo mawu anali nawo munthu uja, ankakangana ngakhale ndi wailesi. Anatsala ndi anayi okha, a kuntchito. Zaka makumi atatu anagwira ntchito yolumikiza mabogi, ataima m'mbali mwa njanji akukodola woyendetsa sitima ndi dzanja: “Bwera. Pang'onopang'ono. Ima. Pita.” Dzina langa linapita, la mwana wawo linapita, mapemphero anapita, koma za mabogi zinatsala. Akafuna madzi, “Bwera.” Ndikawapweteka posambitsa, “Ima.” Alendo akakhalitsa, “Pita,” ndipo pamenepo sindinkawaletsa.

Nzeru zokha zinali zonse. Ndinkadziwa zimenezi, koma munthu ukamasambitsa mnzako ngati khanda umayamba kuyankhula pamaso pake ngati palibe munthu.

Bambo a Mehluli ndi chimunthu, mapewa ngati chitseko. Ine ndine kamayi ka zaka 69, msana unapindika kalekale pa makina osokera malaya kufakitale. Tsiku lililonse kuwadzutsa, kuwasintha thewera, kuwasambitsa, kuwakhazika pampando, kuwadyetsa phala la chiponde, kuwabwezera pabedi, kuwatembenuza. Madzi kuno ankatuluka masiku awiri pa sabata. Masiku enawo zofunda zonyowa zinkadikira m'beseni kuseri kwa chitseko, ndipo nyumba inkanunkha ngakhale uthire mankhwala otani. Penshoni yawo inkagula matewera a masabata awiri. Ndalama ya lendi ya chipinda chakuseri ndi kusoka kwanga kwa apo ndi apo zinkatipatsa chakudya, magetsi ndi zolipirira maliro zija. Katundu amene Mehluli ankatumiza pa magalimoto a ku Joni anayamba kuchepa: poyamba mpunga ndi mafuta, kenako mafuta okha, kenako moni.

M'mawa wina wa mu Juni, kuli chisanu chodula zala, ndinkawachotsa pabedi kuti akhale pampando. Ndinawakumbatira m'chiuno monga mwa masiku onse, n'kukoka. Msana wanga unangoti thyo. Tinagwa tonse pasimenti, iwo pamwamba, ine pansi. Kudzuka ayi, kuwasuntha ayi, foni ili kukhitchini. Tinagona pamenepo kuyambira nthawi ya tiyi mpaka dzuwa lili pamutu, ine ndikuitana, iwo akungoti “Ima, ima,” misozi yawo ikutsikira m'khosi mwanga. Anatipeza ndi MaFuyane, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi yathu, atabwera kudzapempha machesi.

“MaThebe, zaka zonsezi simunakhutanebe?” anatero ali pakhomo la kuchipinda. Ataona nkhope yanga nthabwala inawathera pakamwa.

Ndi iwo amene anathamangira MaNkiwane, mayi wina amene anagwirapo ntchito yosamalira odwala m'chipatala ndipo masiku ano amayenda m'makomo. Anafika, anapinda nsalu ya pabedi, n'kuwanyamulira pamenepo bambo a Mehluli ngati si kanthu. Powatembenuza anaima, n'kundiitana kuti ndione. Pamwamba pa matako panali chilonda chofiira, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Ine sindinkachidziwa, poti sindinkatha kuwatembenuza mpaka kumapeto.

“Ichi chikakula chimafika pafupa,” anatero MaNkiwane. “Afunika kutembenuzidwa pafupipafupi, kusambitsidwa bwino, kupukutidwa. Inu simungathenso. Mukagwanso tidzanyamula awiri.”

“Inuyo mumatenga zingati?”

“M'mawa uliwonse, madola 120 pamwezi. Katatu pa sabata, 50.”

“Nanga kunyumba ya okalamba?”

“Mzere ndi wautali, ndipo nakonso n'kolipira. Koma mungawasiye kumeneko, inu?”

Sindikanawasiya. Tinakwatirana ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo munthu uja sanandikwezerepo dzanja ngakhale kamodzi. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti akhale m'nyumba mwawo, pabedi pawo, ali oyera ndiponso osaola. Ndinadziuza kuti ndalama tili nazo, kungoti zili m'manja mwa eni maliro, ndipo ndikawafotokozera bwinobwino andigawirako.

Msana utalola ndinasiya bambo ndi MaFuyane, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Kuofesi ya inshuwalansi kunali mipando yofewa ndi zithunzi za mabokosi pakhoma. Mtsikana wa zikhadabo zazitali anatsegula kompyuta, n'kumwetulira.

“Agogo, inu ndiye makasitomala enieni. Simunaphonyepo.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera. Bokosilo lichepetseni, basi ichotseni, anamalira adzayenda pansi, manda si kutali. Zotsalazo mundipatse ndilipire wowasamalira.”

“Sizitheka, agogo. Imeneyi si banki. Imagwira ntchito akamwalira.”

“Nanga pamene akuvutika ndi pano?”

“Pepani. Koma akangotisiya mudzaimbe nambala iyi, ngakhale Lamulungu, galimoto idzafika ola lisanathe.”

Anandipatsa kakhadi ka nambala, n'kuwonjezera kalendala ya chaka chimenecho. Mwanayo sanalakwe, anali waulemu, koma ndinalakalaka kumudyetsa kalendalayo tsamba ndi tsamba. Ndinatuluka mtima ukuwira, ndipo ndinayenda mpaka pokwerera minibasi ndisanazindikire kuti ndikuyankhula ndekha.

Ndinati palibe kanthu, akampani ndi alendo. Anzanga a zipewa zobiriwira amandidziwa.

Timakumana Lamulungu loyamba la mwezi, masana, m'holo ya tchalitchi: bulauzi yoyera, siketi yakuda, chipewa pamutu. Wochedwa amalipira, woiwala chipewa amalipira, woyankha mwamwano amalipira kawiri. Malamulo amenewo ndimawadziwa bwino, poti pa zaka 31 zanga m'sosayite, khumi ndi ziwiri ndinali mlembi, ndipo ambiri ndinawalemba ndi dzanja langa. Titaimba ndi kupereka za mwezi, ndinaimirira.

“Amayi a pampando, ndi inu nonse. Za kunyumba kwanga mukuzidziwa. Madzi afika m'khosi. Ndikupempha theka la ndalama ya namfedwa mundipatsiretu. Tsiku la maliro musadzagule ng'ombe, anthu adzadye kabichi, sindidzadandaula.”

Wapampando wathu, MaMguni, ndi mayi wamtali wosathamangira mawu. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi mpango.

“Amene ali ndi wodwala wogonera pakhomo, wofunika kumutembenuza, aimike dzanja.”

Manja anakwera mwamanyazi, limodzi limodzi. Tinalipo 34, manja anakwera khumi ndi limodzi. Ena mwa amayiwo ndinkakhala nawo benchi limodzi mwezi ndi mwezi, osadziwa.

“Mwaona, MaThebe? Tinayamba sosayiteyi tili atsikana, tikuika makolo athu. Nthawi imeneyo munthu ankadwala sabata, n'kupita. Pano anthu akugona zaka. Ana amene akanatisamalira ali ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, wolowa watsopano palibe. Ndikakupatsani inu, ndipatsa onsewa. Pofika Khirisimasi thumba lili mbee, ndipo woyamba kumwalira tidzamuika ndi chiyani?”

Zinali zoona, ndipo kuona kwakeko n'kumene kunandikwiyitsa. Ine ndikakwiya pakamwa pamatsogola, nzeru zimabwera pambuyo ndi katundu.

“Ndiye mukudikira afe kuti mudzadye nyama? Kusambitsa wamoyo ayi, koma akazizira mudzabwera ndi miphika yanu ndi nyimbo zanu?”

“Chilango, MaThebe,” anatero mlembi watsopano, osakweza maso.

Pamenepo MaFuyane, amene tsikulo anasiya munthu wa lendi wa m'chipinda chakuseri chija akuyang'anira bambo kuti nawo abwere, anayankhula ali chikhalire.

“Ife ndi a maliro, si a chipatala.” Anatembenuka n'kundiyang'ana. “Mukuwakumbukira mawu amenewo, mnzanga?”

Ndinawakumbukira. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo MaFuyane anaimirira pamalo omwewo, kupempha ndalama ya opaleshoni ya amuna awo. Amene anawayankha ndi ine, buku lili m'manja, ndipo ndinayankha mokweza kuti a kumbuyo amve. Bamboyo anamwalira patatha miyezi inayi. Tinawaika bwino kwambiri, mabasi awiri, nyama yotsala.

“Sindikubwezera,” anatero MaFuyane. “Mawa ndibwera kudzakuthandizani kuchapa. Ndimangofuna mudziwe mmene amamvekera.”

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinakhala pansi, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana pachifuwa, ndipo ndinalipira chilango changa.

Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe chipewa. Ndinalowa kukhitchini n'kumuimbira Mehluli.

“Mwanawe, ija umalipira ya maliro a bambo ako, isiye. Ndalamayo uzinditumizira ine, ndilipire wowasambitsa.”

“Mayi, zimenezo sizigwiridwa.”

“Chifukwa?”

“Anthu adzati chiyani? Kuti mwana wa a Dlodlo ali ku Joni koma bambo ake...”

“Anthu ati? Amene akuchapa zofunda muno?”

“Mayi, tidzakambirana. Ndili pantchito.”

Tsiku lonse ndinali ndikumeza, apa ndinalavula zonse. “Tamvera, iwe. Bambo ako akafa lero, mawa ndili ndi madola 900 m'manja, ng'ombe pabwalo, tenti, basi, mabokosi awiri oti ndisankhepo. Akafa ndine bwana. Koma poti akupuma, ndilibe ngakhale ya sopo, ndipo msana wanga watha. Phindu la bambo ako lili m'bokosi, wamva? Nonse mukudikira kumeneko.”

Foni inaduka. M'nyumba munali chete wachilendo, ndipo ndinazindikira chifukwa chake: magetsi anali atazima, wailesi ya kuchipinda sinkalira. Nyumba za ku Njube n'zazing'ono, ukayetsemula kukhitchini wa kuchipinda amakupepesa. Ndinasuzumira. Bambo a Mehluli anali maso, akuyang'ana kudenga. Ndinadzinamiza kuti sanamve.

M'mawa mwake ndinawabweretsera phala. Supuni itafika pamlomo anamanga mano gwa.

“Latentha?”

“Ima.”

Ndinaliuzira, ndinawonjezera shuga. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Masana ndinayesa chambiko, chimene sanachikanepo chibadwire. Madzulo ndinapha nkhuku yoikira mazira n'kuwapangira msuzi. Ankalola madzi okha, pang'ono, onyowetsera pakamwa. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinaitana MaNkiwane, ndinati mwina kukhosi kwatsekeka. Anawapima, anawapatsa madzi, anaonetsetsa mmene akumezera, kenako anandikokera panja.

“Kukhosi kulibe vuto. Munthuyu akukana dala. Mwayambana chiyani?”

Ndinabwerera kuchipinda, n'kutseka chitseko.

“Bambo a Mehluli, mukufuna kundipha ndi mtima? Chavuta n'chiyani?”

Anakweza dzanja lamanzere, lija lamoyo, n'kuloza pamwamba pa wadiropu. Pamenepo pamakhala chikwama cha mapepala a inshuwalansi, buku la sosayite ndi chipewa changa. Kenako analoza chitseko cha wadiropuyo, mmene muli suti yawo yakuda imene anasankha okha kalekale kuti adzavale tsiku lomaliza. Anadziloza pachifuwa.

“Pita,” anatero. Analoza ine, n'kutsegula chikhatho ngati munthu wolandira kanthu. “Bwera.”

Munthu wa mawu anayi anandifotokozera zonse: iwo apite, ndalama ibwere, ine ndipume. Anamva liwu lililonse la kukhitchini kuja, ndipo anaganiza monga mwamuna amene moyo wake wonse ankabweretsa malipiro kunyumba osatsegula envelopu. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinapepesa, ndinalira, ndinati unali mkwiyo chabe, lilime lilibe fupa. Anandisisita mutu ndi dzanja lamoyo lija mokoma mtima. Koma supuni itabwera, mano gwa.

Ndinawadziwa bambo Dlodlo zaka 47. Akaganiza chinthu, kuwapempha n'kutaya malovu. Munthu uja sasintha ndi misozi, amasintha akaona kuti njanji imene akuyendamo yatsekedwa kutsogolo.

Tsiku lachisanu milomo yawo inali itang'ambika, maso atalowa. Ndinatsitsa chikwama chija, buku ndi chipewa, iwo akuona. Ndinaitana MaFuyane kuti akhale nawo, ndinakwera minibasi.

Ndinali nditalingalira bwino, kapena ndinkayesa choncho. Kampani inkatenga madola 35 pamwezi, sosayite 15. Pamodzi ndi ndalama ya MaNkiwane ya katatu pa sabata, ndendende. Maliro awiri ndiwasiye, atsale a Mehluli a ku Joni. Thupi limodzi silifuna mabokosi awiri.

Mtsikana wa zikhadabo uja kumwetulira kunamuthera.

“Agogo, mukasaina apa zonse zimene munalipira zapita. Ndipo pa msinkhu wawo, ndi matenda awowo, palibe amene angawalembenso. Pitani mukaganize kaye.”

“Ndaganiza. Mwana wanga ali nayo ina ku Joni. Ndipatse cholembera, ndipo undipatse kalata ya chidindo yonena kuti zatha.”

Kwa MaMguni ndiye kunavuta. Ndinawapeza akusenda mbatata pakhonde. Ndinaika buku pathebulo, chipewa pamwamba pake. Kwathu kubweza chipewa ndi nkhani yaikulu, chiyambire sosayite anachitapo ndi amayi awiri okha, ndipo onse anali atagwidwa ndi ndalama za gulu.

“Musatero, MaThebe. Ngati ndi za Lamulungu zija, tonse timapsa mtima. Pumulani miyezi itatu, tikusonkherani.”

“Sindikufuna kupumula. Ndikufuna mufufute dzina lawo.”

“Dzina lawo lili pansi pa lanu. Ndikafufuta lawo ndafufuta lanu. Lamulo mukulidziwa, wotuluka amatuluka chimanjamanja.”

“Ndinalemba ndine.”

“Zaka 31, mnzanga. Nanga inuyo adzakuikani ndani?”

“Wonunkhidwa ndi amene adzafulumire.”

Sanaseke. Ndinawauza zoona, kuti amuna anga akudzipha ndi njala pofuna kundipatsa madola 900 aja, ndipo bola ndalamayo ikhalepo sadya. MaMguni anaika mpeni pansi. Kenako analowa m'nyumba, anatenga chidindo, analemba kalata. Pondiperekeza pageti anandigwira dzanja.

“Kuimba kokha tidzabwera. Kumeneko kulibe lamulo.”

Ndinayenda wapansi kubwerera kunyumba, mutu uli wopepuka modabwitsa. Ndinganame nditanena kuti sizinandiwawe. Chipewa chimenecho ndinaikira nacho mayi anga, achemwali anga awiri ndi mwana wanga wamkazi.

Ulendo uno ndinaphunzira. Foni ndinaimbira pageti, kutali ndi zenera la kuchipinda.

“Mehluli, za tsiku lija iwala, usasiye kulipira. Ndatseka ya kampani, ndatuluka m'sosayite. Yatsala yako yokha, ndiye uigwire ndi manja awiri.”

Ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa.

“Wamva?”

“Mayi, mwasaina kale?”

“Makalata ali m'chikwama muno.”

Ndinamva mwana wanga, bambo wa zaka makumi anayi, akupuma ngati wathamanga mtunda.

“Mayi, ntchito inatha chaka chatha, mu Malichi. Ndimangogwira maganyu. Inshuwalansi ija inafa kalekale, ndinalephera kulipira. Ndinkati ndikapeza ntchito ndiyambiranso musanadziwe. Tsiku lija ndinasowa poyambira.”

Ndinakhala pamwala wa pageti. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, poti ine sundichedwera, koma sunabwere. Ndinangoona mafuta aja, kenako moni uja, ndi mmene ndinalephera kufunsa. Tonse m'banja muno tinkabisirana njala kuti maliro aoneke bwino.

“Ukudya koma?” ndinamufunsa.

“Ndikudya, mayi.”

“Usaname.”

“Masiku ena.”

“Chabwino. Usalire pamsewu, anthu angakubere foni.”

M'mawa wa tsikulo bambo Dlodlo anali ndi maliro awiri enieni ndi amodzi a m'maloto. Pofika madzulo analibe ngakhale msomali wa bokosi, ndipo anali asanadye masiku asanu. Akanapita sabata imeneyo ndikanayenda khomo ndi khomo ndi mbale yopemphera, ine MaThebe, mlembi wakale wa a zipewa zobiriwira.

Ndinalowa kukhitchini, ndinaphika phala lamadzimadzi, ndinathira chiponde. MaFuyane anandiyang'ana kumutu, anaona mpango m'malo mwa chipewa. Anatuluka mwakachetechete.

Kuchipinda ndinaika mbale pampando. Ndinatulutsa makalata awiri aja, ndinawaonetsa zidindo pafupi ndi maso, n'kuwawerengera mokweza, liwu ndi liwu, poti kuwerenga kunapita ndi sitiroko. Diso lawo lamoyo linkayenda pakati pa pepala ndi nkhope yanga.

“Ya kampani yatha. Ya sosayite yatha, chipewa ndabweza. Ndinkadalira ya mwana wanu, nayo inafa chaka chatha, ntchito inamuthera, amaopa kunena. Ndiye mvetserani bwino, bambo a Mehluli. Mukafa lero palibe 900, palibe ng'ombe, palibe tenti. Ndikukulungani m'bulangete ili lomweli, ndikabwereka wilibala kwa MaFuyane, ndipo Njube yense adzaima m'mipanda kuonerera a Dlodlo akupita miyendo ili lendelende. Mukandisiya mundisiyira manyazi okhaokha. Mukakhala, Lolemba MaNkiwane ayamba ntchito, chilondacho chipola, msana wanga upuma. Phindu lanu latsala pamoyo basi. Sankhani.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope inafiira, dzanja lamoyo linamenya bedi kawiri, ndipo ndinadziwa kuti akanakhala ndi mawu awo onse ndikanamva za zaka zimene analipira, za misala yanga, za akazi a kwa Thebe osamva. Analoza pamwamba pa wadiropu, pamene panatsala fumbi lokha. Kenako mbali yamoyo ya pakamwa inayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka zonse ziwiri zitatuluka pamodzi.

Ndinatenga mbale. Ndinaimitsa supuni patali pang'ono, poopa kuonanso mano aja atamangidwa.

Anakweza dzanja lamanzere, chikhatho chikuyang'ana kwa iwo, n'kukodola monga ankachitira pakati pa mabogi.

“Bwera,” anatero. “Pang'onopang'ono.”

Anameza masupuni asanu ndi imodzi. Pa yachisanu ndi chiwiri anati, “Ima,” ndipo ndinaima. Ndinawapukuta pakamwa, n'kuvundikira mbale kuti phala lisazizire, poti ndinkafuna kuyesanso dzuwa lisanalowe.